Ngongole ya nyumba ikakuthinani: Legal Aid, Reserve Bank kapena katapila?

Chimvereni anthu kuti nyumba yanga ya ku Nchalo inapulumuka pa okishoni, sindikupuma. Kutchalitchi, pamsika, ngakhale pamaliro, wina amandikokera pambali: "Achimwene, munadzera kuti?" Ndiye ndilembe kamodzi.

Zanga zinayamba ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Madzi anagwetsa zipinda ziwiri zakuseri zomwe ndinkachititsa lendi, ndipo lendiyo ndi yomwe inkabweza ngongole ya kubanki. Mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, simenti yomangira zipindazo inakwera mtengo, ine miyezi inayi osalipira. Kenako kalata ya loya wa banki inafika.

Ndiyambe ndi komwe ndinapsa. Ndinathamangira kwa wakatapila wina wa ku Bangula chifukwa iye safunsa mapepala, ndalama amakupatsa tsiku lomwelo. Anandipatsa K500,000 kuti pakutha pa mwezi ndibweze K750,000, natenga khadi langa la ku banki ndi nambala yachinsinsi yomwe. Chomwe sanandiuze n'chakuti ukalephera, chiwongoladzanjacho chimaberekanso chake. Malipiro akalowa, iye ndiye ankayamba kufika pa ATM, ine n'kulandira zotsala mu envulopu ngati mwana wopatsidwa ya kusukulu.

Chinandiwawa koposa ndi ichi: ndalamazo nditakapereka kubanki, sizinachepetse ngongole monga ndinkaganizira. Anayamba achotsa chindapusa cha kuchedwa ndi ndalama za loya amene anandilembera kalata uja. Ndinatuluka m'banki muja thukuta lili kamukamu, ndili ndi ngongole ziwiri m'malo mwa imodzi. Ng'ombe zitatu zomwe bambo anga anandisiyira ndinakazigulitsa ku Ngabu kuti khadi langa libwere. Munthu ameneyu sindidzamukhululukira, ndipo aliyense wonditchulira katapila ngati njira ndimamudula pakamwa.

Ku Legal Aid Bureau ndinapita mochedwa, chifukwa ndinkayesa kuti amathandiza okhawo amene ali m'chitokosi cha apolisi. Ayi, milandu ya malo ndi ngongole amaionanso. Amayamba afunsa zomwe mumapeza, chifukwa thandizo lawo ndi la anthu osakwanitsa kulipira loya, ndipo ena amauzidwa kuti asonkheko pang'ono. Mayi amene anandilandira anawerenga kalata yanga akuloza ndi cholembera mzere ndi mzere. "Bambo, mwawerenga deti ili?" Ndi iwo anandifotokozera kuti pa malo olembetsedwa pansi pa lamulo la Registered Land Act, banki siingagulitse nyumba isanakupatseni chidziwitso cholembedwa n'kudikira miyezi itatu. Ine ndinkagona osagona poganiza kuti abwera mawa m'mawa. Anandithandiza kulemba kalata yopempha banki kuti titalikitse nthawi yobwezera, ndipo banki inavomera. Mzere ulipo, muyenera kupirira, koma pa njira zonsezi iyi ndi imene ndimatumizako abale anga.

Reserve Bank ya Malawi nayo imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki, koma ntchito yake ndi ina. Siikukhululukirani ngongole. Imathandiza ngati mukuona kuti banki yakudulani ndalama zosadziwika kapena yawerengera chiwongoladzanja molakwika, ndipo muyenera kuyamba mwadandaula kubanki yanu komweko, molemba, n'kusunga kope. Kwa ife a kuchigwa kuno, kukwera Thabwa kupita ku Blantyre ndi ndalama, choncho yambani ndi kalata.

Banki mkhonde ingakuthandizeni kutseka mwezi umodzi, osati inayi.

Mukamapita ku Legal Aid tengani pangano la ngongole, makalata onse a banki ndi a loya, sitetimenti ya akaunti, mapepala a malo ndi chiphaso chanu cha unzika. Ine ndinaiwala pangano, ndipo ndinabwerera nalo mawa lake pa kabaza.