Fomu ya KSAQ ya ku Turkey: kodi imathandiza kumva za wachinyamata wa msana wowerama?

Dokotala wa mafupa akalandira mwana wazaka 14 amene msana wake wawerama mopitirira muyezo, chinthu choyamba chimene amachita ndi kumujambula X-ray ataimirira cham'mbali, kenako n'kuyeza kukhotako m'madigiri potsatira njira imene John Cobb anafotokoza mu 1948. Msana wa munthu aliyense umakhota pang'ono pakati pa mapewa ndi chiuno, ndipo madigiri 20 mpaka 40 kapena 45 amatengedwa kuti ndi abwinobwino. Madigiri akapitirira pamenepo, madokotala amati mwanayo ali ndi kyphosis yopitirira muyezo, imene anthu kunja kuno amangoitchula kuti linunda. Nambala ya madigiriyo ndi yofunika, koma siinena chilichonse za mmene mwanayo amadzionera akavala yunifolomu ya kusukulu, kapena chifukwa chimene wasiyira kusambira ndi anzake. Ntchito imeneyi ndiyo inapatsidwa kwa fomu ya mafunso yotchedwa Kyphosis-specific Spinal Appearance Questionnaire, mwachidule KSAQ, imene tsopano ilipo m'chilankhulo cha ku Turkey. Ndaiunika ngati chida chogwirira ntchito m'chipatala, ndipo maganizo anga ndi akuti ndi yothandiza ndithu, ngakhale pali malo angapo pamene munthu woigwiritsa ntchito ayenera kusamala.

Kuti timvetse phindu lake, tiyenera kuona zimene zinalipo isanabwere. Kwa zaka zambiri, fomu yodalirika pa matenda a kukhota kwa msana yakhala SRS-22, ya bungwe la Scoliosis Research Society. Ili ndi mafunso 22 ogawidwa m'magawo asanu, omwe ndi ululu, kuthekera kogwira ntchito za tsiku ndi tsiku, mmene munthu amadzionera, thanzi la m'maganizo ndi kukhutira ndi chithandizo. Ku Turkey fomuyi inamasuliridwa ndi kuyesedwa kale mu 2005 ndi gulu la Ahmet Alanay, choncho madokotala a kumeneko anali nako poyambira. Vuto lake ndi lakuti gawo la maonekedwe lili ndi mafunso asanu okha, ndipo mafunsowo ndi a chisawawa, moti sasiyanitsa mwana amene akudandaula za phewa lokwera ndi amene akudandaula za mutu wotsogola. Chifukwa cha zimenezi, James Sanders ndi anzake anapanga fomu ya zithunzi zojambula pamanja, choyamba Walter Reed Visual Assessment Scale mu 2003, kenako Spinal Appearance Questionnaire, kapena kuti SAQ, mu 2007. Mu SAQ mwana amaonetsedwa zithunzi zisanu za thupi, kuyambira lowongoka kufikira lokhota kwambiri, ndipo amasankha chimene akuona kuti chikufanana naye.

Koma mafomu onsewa anapangidwira scoliosis, kumene ndi kukhotera kwa msana kumbali. Mwana wa scoliosis amavutika ndi mapewa osalingana, chiuno chopendekera mbali imodzi ndi nthiti zotukuka akawerama. Mwana wa kyphosis akhoza kukhala ndi mapewa ndi chiuno zolingana bwinobwino, ndipo mukamufunsa za zimenezi adzayankha kuti palibe vuto, pamene chikumusowetsa mtendere ndi chimene anthu amaona akamuyang'ana cham'mbali. Fomu ya scoliosis ikaperekedwa kwa mwana wotere ikhoza kutulutsa zotsatira zooneka zabwino, ndipo dokotala akhoza kumutumiza kunyumba akuganiza kuti zonse zili bwino. Apa ndi pamene KSAQ inalowera. Inapangidwa ku United States posintha SAQ kuti mafunso ake alunjike pa msana wowerama, ndipo inasindikizidwa mu 2021 m'magazini ya Spine Deformity. Kulunjika kumeneku ndiko phindu lake lalikulu, ndipo pa mfundo imeneyi ndilibe poitsutsa.

Ofufuza a ku Turkey anachita zoyenera kuchita, chifukwa fomu yotereyi sungangoimasulira n'kuyamba kuigawa. Ndondomeko imene ofufuza ambiri amatsatira, imene Dorcas Beaton ndi anzake analemba mu 2000, imafuna kuti anthu awiri amasulire payekhapayekha, zomasulira zawo ziphatikizidwe, anthu ena amene sanaone fomu yoyambirira azibwezere m'Chingerezi, ndipo komiti ya akatswiri ione pamene tanthauzo lasochera. Pambuyo pake fomuyo imayesedwa pa odwala enieni kuti aone ngati akumva mafunsowo. Ikadutsa apa m'pamene masamu amayamba. Ofufuza amaona ngati mafunso onse akukokera kumodzi pogwiritsa ntchito nambala yotchedwa Cronbach's alpha, imene iyenera kufika 0.70 kapena kupitirira. Amaperekanso fomuyo kachiwiri kwa ana omwewo pakapita masiku angapo, popanda chithandizo chatsopano pakatipa, kuti aone ngati mayankho akufanana ndi oyamba aja. Pomaliza amaiyerekeza ndi fomu ina yodziwika kale, ndipo pa nkhani ya msana fomu imeneyo kawirikawiri imakhala SRS-22. Fomu ya ku Turkey inayesedwa pa achinyamata a msana wowerama pamlingo wapakatikati, ndipo ofufuzawo anaipeza kuti ndi yodalirika komanso kuti ikuyeza chimene inapangidwira.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa mawu akuti fomu yatsimikizidwa amapusitsa anthu ambiri. Kafukufuku wamtundu umenewu amatiuza kuti mwana akayankha lero ndi sabata yamawa, mayankho ake sasiyana kwambiri, ndiponso kuti mwana amene akudziona kuti saoneka bwino pa KSAQ amadzionanso choncho pa gawo la maonekedwe la SRS-22. Satiuza ngati fomuyo ingazindikire kusintha mwana akavala brace, chovala cholimba chogwira msana kuti uwongoke, kwa chaka chathunthu kapena akamaliza mafizo a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo satiuza kuti nambala iyenera kutsika ndi zingati kuti tinene kuti mwanayo akumvadi bwino. Zimenezi zimafuna kafukufuku wina wotsatira odwala kwa nthawi yaitali. Komabe funso limene makolo amafunsa dokotala wa mafizo ndi lomweli, lakuti kodi zinthu zikusintha kapena ayi. Amene akuigwiritsa ntchito poyeza zotsatira za chithandizo ayenera kudziwa kuti akuisenzetsa katundu amene mayeso oyambawo sanaiyesere.

Mfundo yachiwiri ndi ya ana amene anayesedwa. Kyphosis ya achinyamata ili mitundu iwiri ikuluikulu. Pali ya kaimidwe, imene imawongoka mwana akauzidwa kuti aime bwino, ndipo mafupa ake amakhala alibe chilema. Palinso ya Scheuermann, yotchedwa dzina la dokotala wa ku Denmark, Holger Scheuermann, amene anaifotokoza cha m'ma 1920. Mu imeneyi mafupa a msana amakula mopyapyala kutsogolo, ndipo malinga ndi muyezo umene dokotala wina, Sørensen, anaika mu 1964, pamafunika mafupa atatu otsatizana, lililonse lopendekera madigiri 5 kapena kuposerapo. Msana wotere ndi wouma, suwongoka ngakhale mwana atayesetsa motani, ndipo makolo amene amamukalipira kuti ndi waulesi amamulakwira. Madigiri akafika 70 kapena 75, madokotala amayamba kukambirana za opaleshoni. Popeza fomu ya ku Turkey inayesedwa pa ana a mlingo wapakatikati, amene ambiri a iwo amathandizidwa ndi mafizo ndi brace, sindingaidalire mofanana pa mwana amene akudikira opaleshoni. Mwana wotere akhoza kusankha yankho loipitsitsa pa mafunso ambiri, ndipo fomu ikafika pamapeto a sikelo yake imalephera kusiyanitsa wovutika kwambiri ndi wovutika koposa. Ofufuza amati odwala opitirira 15 pa 100 alionse akaunjikana kumapeto amodzi, ndiye kuti fomuyo ili ndi vuto limeneli.

Ndiyeneranso kutchula, ngakhale mwachidule, kuti linunda lobwera ndi chifuwa chachikulu cha msana, limene zipatala za kuno kwathu zimakumana nalo, ndi nkhani ina. Limatukuka mosongoka pamalo amodzi chifukwa fupa laonongeka, ndipo likhoza kufoola miyendo. Mwana wotere amafunika kuyezedwa ndi kulandira mankhwala msanga, ndipo KSAQ sinapangidwire iyeyo.

Pa kagwiritsidwe ntchito ka tsiku ndi tsiku, fomuyi ndi yosavuta. Ndi yaifupi, mwana akhoza kuidzaza ali pabenchi podikira dokotala, ndipo siifuna makina aliwonse kupatula pepala ndi cholembera. Pali msampha umodzi umene ndimauona kuti ndi waukulu kuposa mmene umaonekera. Pa SRS-22 nambala yokwera imatanthauza kuti wodwala ali bwino, pamene pa mafomu a banja la SAQ nambala yokwera imatanthauza kuti akudziona wokhota kwambiri. M'chipatala chodzaza anthu, kumene mafomu onse awiri amalowa m'failo imodzi, n'kosavuta kuti wina awerenge nambalazo chagada n'kuuza makolo nkhani yabwino pamene zinthu zaipa. Chipatala chilichonse chimene chatenga fomuyi chingachite bwino kulemba chenjezo limeneli pamwamba pa pepalalo.

Chinanso ndi amene wakhala pambali pa mwanayo. Wachinyamata amene mayi ake akumuyang'anitsitsa pamene akulemba sanganene momasuka kuti amachita manyazi ndi thupi lake, ndipo ena amayankha zimene akuganiza kuti makolo akufuna kumva. SAQ ili ndi fomu ina ya makolo pa chifukwa chabwino, chakuti kholo ndi mwana nthawi zambiri saona msanawo mofanana. Kholo limaona msana tsiku lililonse kuchokera kumbuyo ndi cham'mbali, pamene mwana sadziona choncho kupatula pa zithunzi za pafoni kapena kudzera m'mawu a anzake a kusukulu. Pali ana a madigiri 65 amene alibe nazo ntchito, ndipo pali ena a madigiri 50 amene asiya kutuluka m'nyumba. Dokotala amene wapatsa mwana mpata woyankha yekha, kenako n'kuika mayankhowo pambali pa X-ray, amadziwa mwamsanga kuti ndi mwana uti amene akufunika kulankhula ndi mlangizi kuwonjezera pa mafizo, komanso kuti ndi uti amene angavutike kuvala brace maola ambiri patsiku chifukwa choopa kuonekera.

Kwa madokotala a mafupa ndi a mafizo amene amaona achinyamata olankhula chilankhulo cha ku Turkey, kaya ku Ankara, ku Istanbul kapena m'mizinda ya ku Germany kumene mabanja ambiri ochokera ku Turkey amakhala, ndingalimbikitse kuti aziigwiritsa ntchito pa ulendo woyamba wa wodwala, pamodzi ndi SRS-22, popeza KSAQ payokha siifunsa za ululu kapena za kukhutira ndi chithandizo. Pa ana oyembekezera opaleshoni, komanso poyeza kusintha pambuyo pa chithandizo, nambala zake aziziwerenga mosamala mpaka itayesedwa pa magulu amenewo.