Kayaki yobwereka ku Nkhata Bay: yabwino pagombe, yozunza pa mwera

Ambiri amene amabwereka kayaki (kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi) ku Nkhata Bay amangozungulira miyala ya pafupi, kujambulitsa, n'kubweza. Ine ndinatsika kuchoka ku Mzuzu ndi cholinga china: kupalasa ndekha kutsata gombe mpaka chaku Chintheche, n'kulowa mumtsinje wa Luweya, kugona kulikonse kumene dzuwa landilowera. Dzina la malo amene ndinabwereka sinditchula, chifukwa pali zina zomwe ndidandaule.

Ndiyambe ndi mnyamata wosunga mabwato, poti ndalama yanga inapindula pa iyeyo. Ndi Mtonga wobadwira m'banja la asodzi. Nditamuuza kuti ndikulowera kummwera mu July, anandiyang'ana kaye, kenako anati: "Achimwene, muzinyamuka kusanache. Dzuwa likakwera mwera wadzuka, inu khalani mutakoka bwato pamchenga." Anandilembera pamchenga pomwepo magombe otetezeka ndi malo amiyala okhaokha pomwe sungakocheze ngakhale utalira. Anandichenjezanso za vuma, mphepo yochokera kuvuma imene imakankhira munthu kumiyala. Zonse zinachitika monga ananenera. Mwera si wamasewera. Ndi nyengo yomweyi, mu July 1946, pamene sitima ya Vipya inamira chakumtunda kwa nyanjayi ndi anthu oposa 140. Sitima yachitsulo imeneyo, nanji kapulasitiki kanga.

Tsono kayakiyo. Ndi ija yokhalira pamwamba, yotakata, yovuta kugudubuka, ndipo madzi akalowa amatuluka okha pa timabowo ta pansi. Kwa wophunzira ilibe vuto. Koma ndi yaifupi, ilibe chiwongolero, ndipo imatuluka kwambiri pamwamba pa madzi, kotero mphepo imaigwira ngati lichero. Mwera ukawomba chammbali, mphuno ya bwato imangotembenuka, iwe n'kumapalasa mbali imodzi yokha mpaka phewa kutentha. Ukaima kuti umwe madzi, umaona mtengo umene unaudutsa kale ukukudutsanso. Asodzi a mabwato osema ankandipitirira mosavutika, mabwato awo ali olemera, omira bwino m'madzi, ena akundiseka mwaulemu. Katundu ndinamusunthira kutsogolo kuti mphuno ilemere, zinathandizako pang'ono.

Nkhafi inali yachitsulo, yolemera, ndipo polumikizira pake pankagwedera. Jekete yoyandamitsa anandipatsa yabwino, yothina bwino, osati zija zong'ambika zomwe timaziona m'maboti ena. Thumba losalowa madzi ndiye linali bodza. Linali ndi kabowo pansi, mchere ndi shuga zinasungunukira limodzi, machesi n'kutheratu. Mwayi foni ndinaikulunga m'jumbo ziwiri. Pa ulendo wa munthu mmodzi ayenera kupereka nkhafi yachiwiri, wezulo ndi chingwe chomangira nkhafi ku bwato. Palibe chimene anali nacho. Chingwe ndinachita kugula kwa msodzi wina wosoka chilimira.

Mu Luweya kayaki inayenda bwinoko, chifukwa kufupika kwake kumathandiza pokhota. Musaganize kuti mumtsinje mulibe mphepo. Imalowa kuchokera kunyanja, bango n'kuipanikiza, ndipo pamathiriro pomwe madzi amtsinje akumana ndi mafunde pamakhala chipwirikiti choti ulowe maso ali patsogolo. Za ng'ona mnyamata uja ananena mosabisa: osatsikira m'bango, osalendewetsa miyendo, osapalasa madzulo. Kayaki yokhalira pamwamba siikubisa kalikonse, ndiye sindinapite patali. Anthu a m'mudzi wina wapafupi anandilola kugona pagombe lawo, mayi wina n'kundipatsa kondowole ndi usipa wofutsa, wokana kulandira ndalama.

Mtengo amawerengera patsiku, ndipo ukatenga masiku angapo amatsitsa ukanenerera. Chimene sananene poyamba n'chakuti kukatenga kayaki ndi galimoto ukathera kutali ndi ndalama ina yapadera, yokwera ndithu. Ine ndinasankha kubwerera pamadzi, mwera uli kumsana, ndipo apo bwato linathamanga mpaka kuopsa, likutsetsereka pa mafunde n'kumafuna kupingasa.

Wofuna kusewera pa Bay ndi ana, pitani, muchita kukondwa. Wa ulendo wautali afunse kayaki yaitali yokhala ndi chiwongolero, ayese thumba m'madzi asanalipire, ndipo nkhani ya galimoto aimalize ali pamtunda. Ngati yaitali palibe, dikirani October nyanja ikagona.