Skyrim, The Witcher 3 ndi Baldur's Gate 3: ndi gemu iti imene imakukumbukira?

Mkangano uwu sutha pakati pa ife okonda magemu a pa kompyuta kuno ku Harare, kaya tikumane ku Mufakose kaya ku Mbare: RPG (role-playing game, gemu imene umasewera ngati munthu wa m'nkhani) yeniyeni ndi iti? Ena amati bola mukhale lupanga, matsenga ndi kukwera ma level. Ine ndimakana, poti masiku ano ndi magemu a mpira omwe ali ndi ma level. Kwa ine RPG ndi gemu yosaiwala zimene wasankha, imadzakubwezera patsogolo. Gwero lake ndi Dungeons & Dragons ya mu 1974, yosewera patebulo ndi mapepala ndi madayisi, pomwe wotsogolera nkhani amayenera kuyankha chilichonse chimene osewera achita.

Skyrim ya Bethesda, ya mu 2011, imapatsa ufulu wosaneneka. Mukaona phiri patali, mukhoza kulikwera. Koma dziko lakelo n'loiwalaiwala. Munthu mmodzi yemweyo mutha kukhala mkulu wa sukulu ya matsenga ya College of Winterhold, mtsogoleri wa gulu la akuba, ndiponso wa zigawenga za Dark Brotherhood, popanda wodabwa. Zili ngati mlonda amene amakufunsa dzina tsiku ndi tsiku pageti la nyumba yako yomwe. Ubwino wake ndi woti imayenda ngakhale pa laputopu yotopa, ndipo kudina batani la F5 kamodzi kokha zonse zasungika magetsi asanazime. Kwa ife zimenezo si zocheza.

The Witcher 3 ya CD Projekt Red a ku Poland, ya mu 2015, ndi yosiyana kotheratu. Simusankha kuti mukhale ndani: ndinu Geralt wosaka zilombo zoopsa basi, nkhope yake, mbiri yake. Anzanga ena amati pamenepo yalephera kale kukhala RPG. Ine ndimati apite kaye ku Velen, dera lina la m'gemuyi. Kumeneko kuli mzimu wotsekeredwa mumtengo umene umakuchondererani kuti muumasule, n'kulonjeza kupulumutsa ana amasiye. Mukaumasula anawo apulumukadi, koma mudzi wa Downwarren uwonongedwa, ndipo banja la Bloody Baron, mkulu wolamulira deralo, nalo likhudzidwa. Zotsatirazo sizibwera pompopompo. Zimakupezani mutasewera kale nthawi yaitali, moti kubwerera kukasankhanso kumagwetsa ulesi. Ngakhale mathero a Ciri, mtsikana amene Geralt anamulera ngati mwana wake, amadalira tinthu tating'ono, monga kuvomera kugendana naye ndi chipale chofewa iye atakhumudwa. Pa zitatuzi, iyi ndiye imandigwira mtima.

Baldur's Gate 3 ya Larian Studios a ku Belgium, ya mu 2023, ndiyo yoyandikira kwambiri patebulo paja. Mukafuna kunamiza mlonda kapena kuthyola loko, dayisi la mbali 20 limagubuduzika mukuona, ndipo likakukanani nkhani imangokhota, siithera pomwepo. Nkhondo zake n'zosinthana, wina amenye wina adikire, choncho okonda zothamanga amatopa nazo msanga. Anthu mpaka anayi atha kusewera limodzi. Vuto ndi thupi lake: imafuna malo okwana 150GB ndiponso SSD, disiki yothamanga yosungira zinthu. Ganizirani bando yake! Ngati mulibe Wi-Fi yopanda malire, werengerani kaye mthumba musanaigule.

Achimwene amene laputopu yanu ndi ya kaunjika, musadandaule: pali Fallout: New Vegas ya Obsidian, ya mu 2010. Zithunzi zake zakalamba, koma magulu ake amasunga mangawa. Mukalakwira gulu la NCR (New California Republic) kapena la Caesar's Legion, amakutumizirani anthu oti akusakeni m'chipululu. Pa nkhani ya kukumbukira, imeneyi imaiposa Skyrim kutalitali, ndipo malo imene imadya pa kompyuta safika n'komwe pa limodzi mwa magawo khumi a Baldur's Gate 3.