Ford Mustang GT 5.0 ya 2019: zimene ndaona m'chaka chimodzi ndi miyezi inayi

Ndimakhala kuno ku Joni ndipo ntchito yanga ndi yokonza majenereta akuluakulu a dizilo, choncho injini ndimazigwira tsiku ndi tsiku. Galimotoyi ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito, itayenda makilomita 48,000, ndipo ine ndawonjezerapo pafupifupi 19,000. Ndi ya giya yosintha yokha, ya magiya 10. Anzanga ambiri akhala akundifunsa ngati ndalama zanga zinapita pabwino, ndiye ndati ndilembe kamodzi onse amve.

Chimene ndinagulira galimotoyi ndi injini, osati maonekedwe. Mukatsegula boneti mumapeza malo onse atadzaza, moti dzanja limavuta kulowetsa m'mbali. Injiniyi amaitchula kuti Coyote. Inayamba kuikidwa mu Mustang ya 2011, ndipo imapangidwa ku Windsor m'dziko la Canada pamene galimoto yake amaimanga ku Flat Rock, Michigan. Ndi ya malita 5, ndipo ili ndi masilinda 8 okhala ngati chilembo cha V, anayi uku anayi uku, ma camshaft (zitsulo zozungulira zotsegula mavalavu) anayi ali pamwamba, ndi mavalavu 32, kutanthauza anayi pa silinda iliyonse. Ilibe turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini. Mpweya imakoka yokha, monga mmene munthu amapumira. Yangayi ndi ya mtundu umene anaukonzanso mu 2018, ndipo pamapepala a kuno imalembedwa mphamvu ya 331 kW ndi mphamvu yopotokola ya 529 Nm. Chimene chimandisangalatsa monga makaniko n'chakuti petulo amalowa njira ziwiri. Pali ma injector 8 opopera m'njira ya mpweya, ndi ena 8 opopera m'kati mwenimweni mwa silinda. Oyambawo amatsuka kumbuyo kwa mavalavu kuti kusaunjikane mwaye, enawo amaziziritsa mpweya m'silinda, n'chifukwa chake injiniyi imatha kupanikiza mpweya mpaka 12 kwa 1 osagogoda. Ikamalira itangoima mumamva ka "tiki-tiki" kuchokera pamwamba. Mlamu wanga anada nkhawa poganiza kuti mavalavu atha, koma ndi ma injector ndi pampu yake, ndi mmene zimamvekera.

Kulira kwake n'kovuta kukufotokoza kwa munthu amene sanaimepo kumbuyo kwake. Mukailiza m'mawa kukuzizira imayamba ndi kubangula kamodzi, kenako n'kukhazikika pa mawu onenepa, ogunda ngati ng'oma yaikulu, ndipo mumawamva m'chifuwa musanawamve m'makutu. Kaphokoso kodumphadumpha kameneka gwero lake ndi crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amazungulitsa. Mukaiyang'ana chakumapeto imaoneka ngati mtanda, ndiye utsi wa mbali iliyonse sutuluka motalikirana mofanana. Mustang ina yotchedwa Shelby GT350, ya malita 5.2, ili ndi crankshaft yophwatalala, ndipo iyo imalira mokuwa mpaka 8,250 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi). Ineyo ndimakonda yonenepayi. Kumene ndimakhala nyumba n'zogundizana, ndipo ndimanyamuka 5 koloko. Mwayi wake ekizozi ili ndi timavalavu totseka, ndipo mungathe kuitchera nthawi kuti m'mawa izidzuka mwakachetechete. Gogo wa nyumba yoyandikana nayo sanadandaulepo, ndipo kwa ine, mlendo m'dziko la eni, zimenezi n'zofunika kwambiri.

Okonda galimoto za ku America amakangana kosatha za injini iyi ndi za opikisana nayo. Chevrolet Camaro SS ili ndi ya malita 6.2 ya camshaft imodzi yokhala pakati pa injini, imene imakankha mavalavu 16 ndi timitengo tachitsulo. Dodge Challenger nayo, ndi injini zake za Hemi, ndi chimodzimodzi, ndipo Challenger Hellcat ya 2015 anaiwonjezera supercharger (pampu yokankhira mpweya mu injini) n'kufika mahatchi 707. Anthu ena amanyoza kapangidwe ka timitengoko kuti n'kachikale. Sindigwirizana nawo. Injini zotere zimakhala zazing'ono thupi, zili ndi ziwalo zochepa, ndipo zimakoka mwamphamvu zikadali pansi. Coyote ndi ina. Pansi pa 3,000 rpm ndi yofatsa, mwina mpaka kukudabwitsani kuti malita 5 aja ali kuti. Ikadutsa 4,000 imasintha mawu, n'kumangokwera mpaka 7,500 osatopa. Mkanganowo kuno sutithandiza kwenikweni. Challenger inkapangidwa ya chiwongolero chakumanzere chokha, General Motors, kampani yopanga Chevrolet, inachoka ku South Africa mu 2017, ndipo Camaro ndi Challenger zonse zinasiya kupangidwa chakumapeto kwa 2023. Mustang ndiyo inayamba kutuluka m'fakitale ndi chiwongolero chakumanja mu 2015, patatha zaka zoposa 50 chiyambireni mu 1964.

Koma galimotoyi ndinaidziwa bwino pa ulendo wa ku Durban. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi pa 100 pa mamita 100 alionse amene mwakwera, ndiye kuno gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu zake limakhala litapita musanaponde n'komwe. Majenereta athu timawachotsera mphamvu pa chifukwa chomwechi, choncho m'mutu ndinkazidziwa. Kuzimva ndi thupi ndi nkhani ina. Tinanyamuka ndi mayi a kunyumba pa msewu wa N3, tinatsika Van Reenen, tinadutsa Pietermaritzburg, ndipo pamene tinkayandikira kunyanja ndinaponda moto pang'ono pofuna kupitirira thiraki. Giya inatsika, mutu wanga unagunda mpando, ndipo mayi anagwira chitseko n'kunena kuti, "Bambo, mwaichita chiyani galimotoyi?" Sindinaichite kanthu. Inali itangopeza mpweya wokwanira. Sabata yonse ija ndinkadzuka m'mamawa n'kukayenda nayo m'mbali mwa nyanja ndekha, mawindo ali otsegula. Pobwerera, tikukwera mapiri aja, ndinkaimva ikufatsa pang'onopang'ono, ndipo kunena zoona mtima unandiwawa. Amene muli ku Cape Town, Durban kapena Gqeberha, mukaigula mudzakhala ndi galimoto yonse. Ife a ku Gauteng tili ndi yochepekedwa, ndipo musadabwe kagalimoto ka turbo ka masilinda anayi kakukakamirani pa maloboti.

Magiya 10 aja poyamba ndinkaona ngati achuluka. Pa msewu waukulu amathandiza, chifukwa pa liwiro la makilomita 120 pa ola injini imangong'ung'udza chapansipansi. Mukafuna kusintha nokha pali timapiko kuseri kwa chiwongolero. Kumbuyo tayala lililonse limadziyendera palokha, zimene Mustang wamba inalibe mpaka 2015, chifukwa kale ankagwiritsa ntchito chitsulo chimodzi cholumikiza matayala onse awiri. Pokhota pa msewu wokumbika kumbuyo sikudumpha. Mabuleki akutsogolo ndi a Brembo a mapisitoni 6, ndipo amaimitsa galimoto yolemera makilogalamu oposa 1,700 mosakayikitsa.

Chenjezo langa lili pa mvula. Mphamvu zonse zimapita ku matayala akumbuyo. Tsiku lina madzulo, mvula yamabingu ija ya ku Joni itangoyamba, ndinaponda moto ndikutuluka pa raundabauti ndipo kumbuyo kunaterereka. Kompyuta inaigwira msanga, koma ndinaima pambali manja akunjenjemera. Kuyambira tsiku limenelo kukangodontha ndimaika pa batani la msewu wonyowa, ndipo chothandiza kuti isaterereke sindichizimitsa pa msewu wa anthu. Ndikupempha achinyamata amene mukuilakalaka, zimenezi muzimve.

Kudya kwake ndiko kumene muyenera kuwerengera musanasaine chilichonse. Ndimathira petulo wa 95 yekha. Tanki ndi ya malita pafupifupi 60. M'tauni kwa ine imamwa malita 16 kapena 17 pa makilomita 100, pa ulendo wautali imatsika kufika 9 kapena 10 ngati phazi likudziletsa. Oyilo imalowa malita oposa 9 pa sevisi iliyonse. Matayala akumbuyo ndi 275/40 R19, akutsogolo 255/40 R19, choncho simungawasinthanitse kuti athe mofanana, ndipo akumbuyo ndiwo amayamba kutha. Pa shopu ina ya matayala anandikandira rimu pochotsa tayala n'kukana kuti si iwo. Tsopano ndimajambula marimu onse anayi ndi foni ndisanapereke makiyi, ndipo ndimaima pomwepo mpaka amalize.

Mipando yakumbuyo ndi ya ana. Mwana wathu wa zaka 7 amakhala bwino, koma munthu wamkulu mutu umagunda galasi. Buti ndi yokulirapo kuposa mmene mungaganizire, masutikesi awiri analowa. Ngati pakhomo galimoto ikhale imodzi yokha, iyi si yake. Ife tili ndi kabaki (kapikapu) kakale kamene kamagwira ntchito zonse za pakhomo, ndipo popanda iko sindikanagula Mustang.

Achibale akumudzi akhala akundikakamiza kuti pa Khirisimasi ndidzafike nayo. Ndawauza kuti ayi. Galimotoyi ndi yotsika, njira ya pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ili ndi mahampu ndi maenje amene angaing'ambe kunsi, ndipo tayala la saizi imeneyi likaphulika panjira mungagone pomwepo masiku. Amene anandimvetsa ndi amalume, omwe anagwira ntchito ya umakaniko wa mabasi ku Blantyre mpaka kupuma, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kugwira sipanala. Anangoti, "Isiye komweko, koma ndiimve." Ndinapita ku galaja, ndinatsegula timavalavu ta ekizozi, ndinaika foni pansi pafupi ndi bampala, n'kuiliza. Ndinaponda kawiri. Nditatola foni anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa kuti oyilo ndimasintha pakatha makilomita angati.