Filimu mwaimaliza: muigulitsire pa WhatsApp, kwa obena, pa YouTube kapena muholo?

Wojambula maukwati sadandaula za mbava. Amalandira theka la ndalama asanatulutse kamera m'chikwama, theka linalo akamapereka fulashi, ndipo eni ukwati akafuna kugawira mudzi wonse kanemayo, n'zawo zimenezo. Olira ndi ife opanga masewero ndi mafilimu athuathu, amene timayamba tathira zathu: kubwereka kamera, kudyetsa osewera, kulipira akabaza otitengera ku Likhubula kukajambula pamathithi, kugona pakompyuta kudikira magetsi. Filimu ikatuluka Lachisanu, pofika Lolemba ili m'mamemole pa Chitakale, pa Limbuli, mpaka kutsidya kwa Muloza ku Milange, mwini wake asanaone ngakhale ya sopo.

Anzanga ambiri amafunsa kuti njira yosabedwa ndi iti. Palibe. Chilichonse chooneka pafoni chimakopedwa. Ine ndimayesa njira iliyonse ndi funso lina: kodi ndalama yanga ifika mbava isanafike, kapena pambuyo pake?

Ndiyambe ndi WhatsApp, chifukwa ndi imene ikunamiza ambiri. Mumalengeza kuti wofuna filimu atumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, inu n'kumutumizira fayilo. WhatsApp imalola fayilo yaikulu mpaka 2GB, ndiye filimu yonse imadutsa. Palibe wapakati, ndalama yonse ndi yanu. Vuto n'lakuti wogula woyamba ndi amene amagawira ena onse, ndipo sachita ndi njiru ayi. Mlamu wake wapempha, atsegula Xender, mphindi zochepa filimu yasamuka popanda ngakhale bandulo. Mukamuuza kuti waba adabwa: ndinagula ndi ndalama zanga, ndalakwa chiyani? Komanso wogulayo amalipira kawiri, kwa inu ndi kwa ogulitsa bandulo yotsitsira, pamalo pomwe netiweki imadukaduka ukangolowa pakati pa minda ya tiyi. Ena amalemba nambala ya wogula pakona pa kanema kuti adziwe amene watayitsa. Zimathandizadi kumudziwa, koma ukamudziwa umapeza kuti ndi msuweni wako, ndipo kupolisi sungapite naye. Mwa njira zonse, iyi ndi imene ndimaiika pansi penipeni. Ogula enieni amabwera masiku awiri oyamba, kenako foni imangoti zii.

Obena, aja oikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemole, ndiwo timawatukwana kwambiri, koma tiyeni tiwaone bwinobwino. Kanyumba kakang'ono pamsika, kompyuta yakale yotsegula m'mbali kuti isatenthe, sipika panja ikulira, mnyamata ali ndi mafoda ake: kwaya, zachikunja, mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, masewero a kuno. Tsiku lomwe a kuesiteti alandira, mayi amafika ndi kamemole atakakulunga m'kapepala, n'kunena kuti mundiikiremo nyimbo za kwaya ndi sewero latsopano lija. Mayi ameneyu sadzatsegula YouTube. Alibe foni ya intaneti, ali ndi kafoni ka mabatani ndi kawailesi kolowa memole, mwinanso ka TV ka sola kunyumba. Woonera wathu weniweni ndi ameneyu, ndipo amene amamufikira ndi wobena, osati ife.

Lamulo lili kumbali yathu. Lamulo la Copyright la 2016 limaletsa kukopa ndi kugulitsa ntchito ya munthu popanda chilolezo chake, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, lilipo kuti liteteze eni ntchito zaluso. Nthawi ya makaseti ndi ma CD kunali kachizindikiro konyezimira komatidwa pachikuto, wogula amatha kusiyanitsa chenicheni ndi chobena. Nanga pafayilo mumata pati? Chimene chatsala chogwirika ndi ndalama yomwe imadulidwa pa zipangizo zosungira zinthu monga mafulashi zikamalowa m'dziko, imene COSOMA imagawa kwa olembetsa. Choncho lembetsani ntchito yanu, zivute zitani. Koma musamange bajeti ya filimu yotsatira pa ndalama imeneyo.

Njira imene ndimaiona yanzeru ndi kumutenga wobena ngati wopikula. Mumagwirizana mtengo umodzi, amalipira pompo, kenako agulitse mmene angathere. Chinsinsi chake ndi nthawi: onse alandire m'mawa umodzi. Wina apite ku Luchenza, wina ku Chitakale, wina ku Limbuli, wina ku Bvumbwe, aliyense ndi fulashi yake, ndipo asakope asanalandire ndalama. Mukangopatsa mmodzi lero n'kumati enawo mawa, mawalo mukapeza onse ali nayo kale ndipo akukusekani. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi maloto a pa YouTube, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

YouTube imalipiradi, sindikutsutsa. Koma khomo lake n'lalitali. Kuti muyambe kugawana nawo ndalama za malonda oulutsidwa pa makanema anu, pamafunika olembetsa kutsatira tchanelo chanu 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12 yapitayo, komanso dziko limene tchanelo chanu chinalembetsedwa likhale pamndandanda wa mayiko ololedwa. South Africa, Kenya ndi Tanzania alipo koma Malawi palibe, n'chifukwa chake ena amadalira mbale wawo wa ku Johannesburg kuwatsegulira. Mukatero dziwani kuti tchanelo ndi ndalama zili m'dzina la mbaleyo, ndipo chibale chimayesedwa ndalama zikayamba kulowa. Pa makanema aatali wopanga amalandira 55 peresenti ya ndalama za malondawo, ndipo Google, mwini YouTube, satumiza kanthu mpaka zitakwana madola 100. Kuonera kulikonse sikulemera mofanana: otsatsa malonda amalipira potengera dziko la woonera, ndiye munthu mmodzi woonera ali ku London kapena ku Cape Town amabweretsa zambiri kuposa gulu la oonera pa Nkando. Ngati sewero lanu likukoma kwa amatchona osowa kwawo, YouTube ndi yanu. Ngati ndi la anthu a pamsika pano, muyembekezera nthawi yaitali.

Kumbali ya kuba, YouTube ndi khomo lotsegula. Wobena amangotenga Snaptube kapena VidMate, n'kutsitsa filimu yanu yoyera bwino kuposa imene akanaipeza kwina kulikonse. Ubwino wake ndi wakuti wina akaiponyanso patchanelo chake, muli ndi podandaula. Mumadzaza fomu yopempha kuti ichotsedwe, wakubayo amapatsidwa chenjezo, ndipo machenjezo atatu amatseketsa tchanelo. Chida chachikulu chozindikira chokha makanema obedwa, Content ID, amapatsa makampani okhala ndi ntchito zambiri. Ife ang'onoang'ono timadalira Copyright Match Tool, chida cha YouTube chotionetsa amene aponyanso makanema athu, ndi maso athu. Chenjerani pano: Content ID ija imagwiranso ife. Mukaika nyimbo ya woimba wina pansi pa gawo la maliro osamupempha, ndalama za kanemayo zikhoza kupita kwa mwini nyimbo, ndipo mbava pamenepo ndinu.

Za Facebook sindichulukitsa. Ndi pabwino kuponyapo kachidutswa kokopa anthu ndi tsiku loonetsa, chifukwa bandulo yake ambiri amaikwanitsa. Filimu yonse ayi.

Amene anayamba kulawa zowawa zimenezi ndi akunja opanga makanema olaula. Kuno kupanga kapena kufalitsa zotere ndi mlandu, ndipo sindikulimbikitsa aliyense, koma zimene zinawachitikira n'zophunzitsa. Cha m'ma 2007 kunabuka masamba oonetsa makanema otere mwaulere, ambiri mwa iwo oikidwa ndi anthu osakhala eni ake. Lamulo la ku America la DMCA la 1998 limati mwini ntchito ndiye aziona yekha pomwe yabedwa n'kulemba kalata kuti ichotsedwe. Kampani yaikulu imalemba anthu ntchito yongochita zimenezo. Wodzipangira yekha amachotsa pano, mawa yamera pena, ndipo manyazi a ntchitoyo amamulepheretsa kupita kukhoti ndi dzina lake lenileni. Ambiri anasiya kudalira kugulitsa fayilo. Anasamukira kumasamba monga OnlyFans, lomwe linayamba mu 2016 ndipo limadula 20 peresenti, komwe munthu amalipira mwezi ndi mwezi kuti azicheza ndi wopangayo ndi kuona zatsopano ena asanaone. Kubako sikunathe, koma anayamba kugulitsa chinthu chimene mbava singakope.

Kwa ife chinthu chimenecho ndi mpando wa muholo. Holo ya sukulu kapena ya tchalitchi, pulojekita yobwereka, jenereta poti magetsi sadalirika, nsalu yoyera kukhoma, anyamata awiri pakhomo. Anthu a kuno amalipira kuti aone mwana wa anansi awo akusewera ngati mfumu, aone msika wawo ndi phiri lawo pakhoma lalikulu, kenako agwire chanza osewerawo filimu ikatha. Zimenezi sizilowa m'memole. Zovuta zake zilipo: holo imalipiridwa, mafuta a jenereta ndi okwera, filimu yoonetsa kugulu imayenera kudutsa kaye ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu, ndipo mukasankha tsiku la chiperoni kapena pakati pa mwezi, muonetsa mabenchi. Sankhani Loweruka lotsatira malipiro. Wina adzatulutsa foni kuti ajambule ali pampando, koma chimene adzatenge ndi mitu ya anthu ndi phokoso la kuseka, ndipo zimenezo zimangokuitanirani ena. Choopsa chenicheni ndi kusiya fulashi kwa mwini vidiyo sho kuti aonetse yekha mawa. Onetsani kuchokera pa laputopu yanu, muchoke nayo.

Pali ndalama inanso yofika mbava isanadzuke, ya amalonda. Mwini golosale, wogulitsa zipangizo za njinga zamoto, mwini malo ogona alendo okwera phiri, onsewa akhoza kulipira kuti malo awo aoneke m'filimu. Apa wobena amasanduka wantchito wanu, chifukwa memole iliyonse imene wadzaza ikunyamula uthenga wa amene anakulipirani. Kungoti musaike malondawo kumayambiriro, obena amadula. Aikeni m'kati mwa nkhani: mkangano wa mwamuna ndi mkazi wake uchitikire pakhonde pa golosaleyo, chikwangwani chikuoneka kumbuyo.

Ine ndikanakhala ndi filimu yatsopano mwezi uno, ndikanayamba ndi amalonda ndisanajambule, n'kuzungulira nayo m'maholo a Mulanje boma, Luchenza ndi Thyolo, kenako obena onse m'mawa umodzi, YouTube n'kubwera pomaliza pamene palibenso chotaya. WhatsApp ndikanangoitanirapo anthu.

Zonsezi zimagwa ngati filimu yatuluka tsiku lake lisanakwane, ndipo nthawi zambiri siitulukira kwa mlendo. Imatulukira pakompyuta ya wolumikiza zithunzi, amene mnzake anabwera kudzaikitsa nyimbo n'kuona foda yosatseka. Imatulukira kwa wosewera amene anachonderera kuti angoonetsa mayi ake okha. Imatulukira kwa wokonza laputopu. Wolumikiza zithunzi mumulipire zonse musanatenge ntchito, afufute zotsala inu muli pompo, ndipo osewera mukawaonetsere limodzi m'nyumba imodzi, mafoni atasonkhanitsidwa m'beseni pakhomo.