Yunivesite yatsopano: nyumba zapansi kapena zosanja?

Funso limeneli limabwerabwera m'makomiti a zomangamanga, makamaka pomwe yunivesite yapatsidwa malo aakulu: timwaze nyumba zapansi ponseponse, kapena timange zosanja pakati n'kusunga malo otsala? Ine ndili kumbali ya zosanja, za nsanjika zitatu kapena zinayi, ndipo chifukwa chachikulu chili pansi pa nthaka.

Zapansi zimakopa. Kontilakitala wamba amazitha, maziko ake ndi osazama, ndipo ndalama zikapezeka pang'ono mumamanga buloko imodzi n'kuyamba kuphunzitsa. Pa mtengo wa chaka choyamba zimapambana, palibe mkangano.

Msampha wake ndi suweji. Hostelo ya ophunzira 500, aliyense akamagwiritsa ntchito malita pafupifupi 100 patsiku, imatulutsa madzi oipa oyandikira malita 50,000 tsiku lililonse. Madziwo amayenda okha potsetsereka, choncho paipi ya mamilimita 160 imafunika kutsika pafupifupi mita imodzi pa mamita 100 alionse. Hosteloyo mukaiika mamita 600 kuchokera ku madamu a suweji (momwe madzi oipawo amakathera) pamalo athyathyathya, ngalande imafika mamita 6 kuya kumapeto kwake. Ndani angakumbe zimenezo? Ndiye mumagula pampu, imene imaima magetsi akangozima, kapena buloko iliyonse mumaikumbira septic tank yakeyake.

Apa m'pamene ndalama zimathera mwakachetechete. Mu Januwale ndi Febuluwale nthaka ikakhuta madzi, dzenje lomwetsa madzi ochokera mu septic tank silimwanso, zimbudzi zimabwerera m'mabafa, ndipo galimoto yopopa imaitanidwa mobwerezabwereza. Mtengo umenewu sulembedwa pa kotesheni ya womanga. Umadya ndalama zoyendetsera sukulu chaka ndi chaka, zomwe zikanagula mabuku ndi zipangizo za mu labu. Dzenje lililonse liyeneranso kutalikira mjigo mamita 30 kapena kuposa, choncho malo aakulu aja akutha. Pakapita zaka 15 mukufuna labu pafupi ndi laibulale, mupeza kuti pamenepo pali thanki ndi mapaipi amene palibe anawajambula papepala. Zingwe zamagetsi, misewu, nyali ndi alonda nazonso zimachuluka ndi mtunda.

Pa nthawi: munthu amayenda mamita pafupifupi 80 pa mphindi, ndiye kuti kusintha kalasi kutheke m'mphindi 10, zipinda zophunzirira zisapitirire mamita 400 kuchokera ku laibulale ya pakati, kuti zotalikirana kwambiri zisapose mamita 800. Chancellor College itasamuka ku Chichiri kupita ku Chirunga mu 1973, nyumba zophunzirira zinamangidwa moyandikana n'kulumikizidwa ndi makonde, zomwe zimathandiza kwambiri ndi mvula ya ku Zomba.

Zosanja nazo zili ndi zofuna zake, ndipo sizikhululuka. Mukadutsa nsanjika zinayi pafunika lifiti, lifiti ifuna jeneleta. Madzi amafuna thanki yokwera: mamita 10 a kutalika amapereka mphamvu ya bar imodzi yokha (bar ndi muyezo wa mphamvu yokankhira madzi m'paipi), moti thanki ikangokhala padenga, shawa za pamwamba zimadontha chabe. Dziko lathu limachita zivomezi, monga cha ku Salima mu 1989 ndi cha ku Karonga mu 2009, choncho injiniya wa zomanga asadumphidwe, ndipo konkire iyesedwe kulimba kwake pa tsiku la 7 ndi la 28 chithiridwire. Masitepe akhale awiri pa nyumba iliyonse, zipinda za oyenda pa njinga ya olumala zikhale pansi, chikweza chawo chisapose mita imodzi pa mamita 12. Laibulale ya Mzuni itapsa mu Disembala 2015 tinaona zomwe moto umachita. Nyumba zikathinana, njira ya galimoto yozimitsa moto ndi mipopi yake zisiyidwe poyambirira.

Zapansi zisungireni mawekishopu, khitchini ndi makola, ndipo zikhale m'mphepete. Buloko yoyamba isanakumbidwe, saveya ayeze kutsetsereka kwa malo onse, madamu a suweji aikidwe kumunsi kwenikweni, ndipo mkwasa wodutsa mapaipi ndi zingwe ulembedwe m'pulani kuti khonsolo ya yunivesite iliyonse yobwera isamangepo.