Girizi wa mano a shafiti: wamba, wa CV, moly paste kapena Staburags?

Njinga zamoto zambiri zimene timaziona pa Kamuzu Road ku Salima kapena pa boma la Nkhotakota n'za tcheni. Wakabaza akamva tcheni chikulira amangodontheza oyilo wakale, ulendo n'kupitirira. Ife amene tili ndi njinga za shafiti, chitsulo chachitali chozungulira chomwe chimayendetsa tayala lakumbuyo m'malo mwa tcheni, ndife ochepa: ine ndi Honda Deauville yanga yogula kwa munthu, ena ndi Yamaha Virago zakale, alendo odutsa mu M5 pa BMW GS zawo, ndiponso eni njinga za matayala atatu zonyamula mpunga ndi nsomba. Poti ndife ochepa, m'mashopu a zipangizo za njinga ukafunsa girizi wa shafiti amangokupatsa chitini chomwe amapatsa aliyense.

Kumene shafiti imalowa ku giyabokosi, komanso kumene difu, kabokosi ka magiya ka kumapeto kwa shafiti, imagwirana ndi tayala lakumbuyo, kuli mano ataliatali olowana amene amakaniko amati ma spline. Mano amenewa sazungulira ngati mipira ya mu beringi. Amangokanikizana ndi mphamvu yonse ya injini, uku akusuntha pang'onong'ono kupita uku ndi uku nthawi iliyonse tayala likagwa m'dzenje, kapena mukawonjezera moto n'kuchepetsa. Girizi aliyense ali ndi mafuta mkati, ndipo mano akamakanikizana chotero mafutawo amafinyidwa n'kuthawa. Ndiye posankha girizi wa malo amenewa ndimadzifunsa chinthu chimodzi: mafuta akathawa, pakati pa zitsulo ziwirizi patsala chiyani?

Girizi wamba, uja wachikasu kapena wabulauni wolembedwa lithium kapena EP2, sasiya kanthu. Ndinaziona ndi maso anga. Nditangogula njingayi ndinasinthitsa tayala lakumbuyo kwa makaniko wina, munthu waluso ndithu pa njinga za tcheni, ndipo iye anapukuta phala lakuda lomwe analipeza pa mano a tayala n'kupaka girizi wa mu beringi wambiri. Anachita ndi mtima wabwino. Mvula itatha ndinatsegula ndekha, ndipo pa manopo panali pouma, pali fumbi lofiira ngati la njerwa. Fumbi limenelo ndi chitsulo chomwe chadyeka n'kuchita dzimbiri. M'mbali mwa mano ena munali mutayamba kale kulowa mkati. Mtima unandipweteka, chifukwa mano a mu difu akatha palibe wowotcherera, ndipo difu ya njinga ngati imeneyi simungaipeze ku Nkhotakota ngakhale ku Lilongwe popanda kuitanitsa kunja. Girizi wambayo ndi wabwino mu beringi, ndipo ndimamugwiritsabe ntchito kumeneko, koma pa mano a shafiti ayi.

Kumene anthu amasokonezeka kwambiri ndi pa mawu akuti moly. Moly ndi molybdenum disulfide, ufa wakuda woterera umene umamatirira pa chitsulo ndipo suthawa ngakhale mafuta atafinyidwa. Zitini ziwiri zikhoza kulembedwa moly zonse, zonse zakuda, zonse zodetsa zala mofanana, koma zili kutali ngati phala ndi nsima. Mabuku a Honda okonzera njinga amasiyanitsa bwino zinthu ziwirizi. Pali girizi wa moly, amene amangofunika kukhala ndi ufawu wopitirira 3 peresenti. Ndiye pali moly paste, amene amafunika kukhala ndi wopitirira 40 peresenti, ndipo ndi ameneyu amene amalamula pa mano olumikiza difu ndi tayala. Girizi wa ma CV joint, mfundo za pa shafiti zoyendetsa matayala a galimoto, amene amapezeka mosavuta m'mashopu a zipangizo za galimoto, ali m'gulu loyambalo. Honda Moly 60, amene eni njinga ambiri ankamudalira, anali ndi 60 peresenti. Anasiya kumupanga ndipo m'malo mwake munabwera M-77. Loctite LB 8012 ali ndi 65 peresenti. Molykote G-n ndi Rocol ASP nawonso ndi ma paste, ndipo amatchulidwa m'mabuku a Honda omwewo.

Mukawayika pa chala mudzamva kusiyana. Wa CV ndi wofewa, wonanda, amatambasuka. Paste ndi wolimba, wooneka ngati wouma, ndipo mukamupaka pa chitsulo n'kupukuta ndi nsanza, pamatsalabe khungu lotuwa lomwe silichoka msanga. Khungu limenelo ndi lomwe mukulipira ndalama. Kachubu kake n'kakang'ono ndipo mtengo wake umadabwitsa munthu wozolowera kugula girizi wa m'chitini chachikulu, koma pa ntchito imodzi mumangofuna wochepa ngati mankhwala otsukira mano opaka pa mswachi. Kanga ndinachita kutumiza m'bale wochokera ku Joni, ndipo sikanafike n'pakati pomwe.

Kodi wa CV ndi wosathandiza? Sindinganene choncho. Amaposa girizi wamba kutali, ndipo ngati tayala mwatsegula lero ku Dwangwa, paste mulibe, mawa muli ndi ulendo, pakani wa CV. Kungoti musamuiwale mmenemo. Amene wapaka paste akhoza kudikira mpaka nthawi yosintha tayala. Amene wapaka wa CV ayenera kumatsegula pafupipafupi, ndipo ine ndingati mvula isanayambe komanso ikangotha.

Tsopano nkhani ya madzi, imene kwa ife a m'mbali mwa nyanja ndi yaikulu. Kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu ya kumidzi imasanduka mitsinje, ndipo ngakhale mu M5 momwe pali malo amene madzi amadutsa pamwamba. Chilimwe nacho chili ndi mchenga wa ku Senga Bay ndi fumbi louluka ndi mwera. Apa moly paste ali ndi chofooka chake: mafuta ake ndi ochepa, motero satchinga madzi bwino ngati girizi wonanda. Madzi akalowa n'kukhazikika, dzimbiri limayamba m'malo amene khungu lija silinafike.

N'chifukwa chake eni BMW ambiri sakamba za Honda Moly. Iwo amatchula Staburags NBU 30 PTM, wopangidwa ndi kampani ya ku Germany ya Klüber, kapena Optimol Paste TA wa Castrol. Staburags ndi womata kwambiri, madzi samukokolola msanga, ndipo nayenso ali ndi ufa woterera mkati. Pa BMW GS shafiti imadutsa mu mkono wogwira tayala lakumbuyo, ndipo madzi akalowa pa labala wotchinga amakhala mmenemo. Mlendo wina amene anagona pafupi ndi kwathu, pa ulendo wake wopita ku Nkhata Bay, anandionetsa shafiti yake itagwirana ndi difu chifukwa cha dzimbiri, moti tinavutika nayo madzulo onse kuti ituluke. Mano ake sanali odyeka ngati anga. Anali athunthu, koma omatirirana. Mavuto athu anali osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso.

Ndiye ndikayika awiriwa pamodzi ndimaona chonchi. Pa mano a tayala la Honda, pamene katundu ndi wolemera ndipo ma O-ring, mphete za labala, amatchinga madzi, moly paste ndi amene amapambana, ndipo sindingamusinthe ndi china. Pa mano a shafiti yokhala m'malo omwe madzi amalowa n'kugona, girizi womata ngati Staburags ali patsogolo. Ngati buku la njinga yanu latchula dzina, tsatirani dzinalo. Ena amasakaniza paste ndi girizi wosamva madzi kuti apeze zonse ziwiri. Ine sindichita, chifukwa magirizi opangidwa mosiyana ena sagwirizana, amasungunuka n'kuyenderera, ndipo ukasakaniza sudziwanso kuti moly watsala wochuluka bwanji.

Girizi wa mainjini a maboti ndi wosavuta kumupeza kuno kunyanja, ndipo pa madzi ndi katswiri. Koma wambiri alibe moly, choncho amateteza dzimbiri osati kudyeka. Ndimamupaka m'milomo mwa labala wotchinga kuti madzi asalowe, osati pa mano. Wa kopa uja wonyezimira, amene ena amati Copaslip, ntchito yake ndi kuti mabawuti a ekizozi asagwire. Pa mano osuntha tsiku lonse samakhalitsa.

Achimwene a matayala atatu, nkhani yanu ndi ina pang'ono. Shafiti zambiri za njinga zimenezi zili poyera kunsi, ndipo zina zili ndi kabowo kopopera girizi. Paste salowa bwino ndi pampu, ndipo sayenera kulowa m'timaberingi ta pa mtanda wa shafiti, mfundo imene shafiti imapindikira, chifukwa ufa wochuluka chotero si wa zinthu zogudubuzika. Kwa inu girizi wa CV, wopopedwa kawirikawiri mpaka wakale wakuda ndi mchenga atatuluka, ndi amene ali woyenera, ndipo ndi wotsika mtengo.

Kapakidwe kamawononga ntchito ngakhale girizi ali woyenera. Tsukani mano onse awiri, a kunja ndi a mkati, ndi parafini ndi mswachi wakale mpaka chitsulo chioneke, kenako muumitse. Paste wopakidwa pamwamba pa fumbi lofiira amasanduka msasa wokhulira mano omwewo. Pakani ndi kaburashi, dzino lililonse, mpaka pansi pa mpata, mopyapyala. Wochuluka amangokankhidwira kunja pobwezeretsa. Pa BMW zakale za kilatchi youma, girizi wochuluka pa mano a giyabokosi amamwazikira pa mbale ya kilatchi ndipo imayamba kuterereka. Onaninso ma O-ring ndi labala: ngati ang'aluka ndi dzuwa la Okutobala, sinthani tsiku lomwelo.

Mano anga aja sanabwerere mwakale, zimenezo sizitheka. Koma nditatsegulanso posintha tayala lotsatira, ndinapeza khungu lotuwa likadalipo, fumbi lofiira palibe, ndipo malo odyeka aja ali pomwe ndinawasiya. Ndinajambula chithunzi pa foni kuti ulendo wina ndidzafananitse.